Mlendo Woima Chammbali

Nkhani ya Vukosava aliyense m'chigwa chathu amaidziwa, kungoti ambiri amaiyambira pakati chifukwa chothamangira poopsa. Tsikulo kunada ngati masiku ena onse a chisanu. Nkhosa zinali zitalowa m'makola, belu la masisitere kumtunda linali litalira, ndipo Vukosava anali pa mpando wake, nsalu yokunga pa chimango ili patsogolo, singano ili m'manja.

Anali mayi wamasiye. Mwamuna wake anatengedwa kukamenyana ndi Aturuki kuseri kwa mapiri, ndipo chimene chinabwerako ndi chipewa chokha. Anatsala ndi mwana mmodzi, Divna, namwali woti akanakhala bwino bwenzi anyamata akupondana pakhomo. Koma chikololereni mphesa, Divna anali chigonere. Thupi linali moto, chifuwa chikulira usiku wonse. Masisitere anayesa zitsamba zawo mpaka kugwa ulesi. Pamenepo Vukosava anachita zimene amayi akuno amachita zinthu zikafika pothina. Anakwera ku tchalitchi cha masisitere, nagwada, nawinda kwa Varvara Woyera kuti amupetera mbiri yake yonse pa nsalu yaitali yopachika pa guwa, iyeyo angomusiyira mwanayo. Sanadikire kuti woyerayo ayambe ndiye. Anayamba yekha m'mawa mwake.

Mkulu wa masisitere, Amayi Teodosija, anamupatsa bafuta ndi ulusi wa silika, namujambulira zithunzi zake ndi khala. Chigawo choyamba chinali chitatha: nsanja imene Varvara anatsekeredwamo ndi bambo ake. Tsopano anali pa chachiwiri. Varvara wakana milungu ya bambo ake, wathawira kuphiri, thanthwe latseguka n'kumubisa. Bamboyo akuyendayenda kunja kwa thanthwelo, lupanga lili m'manja, chofunda chofiira chili paphewa, koma nkhope yaloza kwina. Zigawo zotsalazo zinali mizere ya khala chabe, ndipo Vukosava anazikulunga pa mtengo wa chimango kuti asamazione.

Bamboyo anamupeta chammbali, diso limodzi, monga mwa lamulo. Kuno mtsikana amauzidwa lamuloli asanadziwe n'komwe kumanga mfundo. Oyera amapetedwa ndi maso onse awiri kuti azitiyang'ana. Oipa, kuyambira Yudasi mpaka asilikali opha anthu a Mulungu, amapetedwa chammbali kuti asaone amene waima patsogolo pa nsalu.

"Odi kuno, kwa anthu osagona."

Anali a Stamena, mkazi wa mbusa wa nkhosa wa nyumba yoyandikana, munthu woti ngakhale pamaliro pakamwa sipapuma. Analowa ndi kambiya ka msuzi wa nkhosa, nakatula pafupi ndi moto, nasuzumira pa nsalu.

"Koma nkhalamba iyi mwaikhoza, anzanga. Mphuno yeniyeni ya apongozi anga. Mungomuchotsa mano, mudzi wonse umudziwa."

"Musandiseketse, ndingabaye polakwika."

"Mungabayenso polakwika inu? Ine ndikasoka chigamba pa malaya a amuna anga, nkhosa zimawathawa. Nanga mwanayu wamwako kanthu?"

"Akungonyowetsa milomo."

A Stamena anaweramira pa bedi, nagwira chipumi cha Divna, nachotsa dzanja msanga. Nthabwala zinathera pomwepo.

"Ansembe mwawauza?"

"Ndiwauziranji? Nsalu sinathe."

"Nsalu izipita, anzanga, koma mwanayu asapite wosadzozedwa."

"Akupita kuti? Pitani mukagone, a Stamena. Zikomo chifukwa cha msuzi."

A Stamena anatuluka, ndipo Vukosava anabweza mpiringidzo pachitseko.

M'nyumba munangoti zii. Anathira mafuta mu nyali, nabwerera pa nsalu. Anali kudzaza thanthwe ndi ulusi wotuwa, kubaya n'kukoka, kubaya n'kukoka, khutu lili ku bedi. Kenako mpweya wa Divna unayamba kutalikirana. Vukosava anadziwa tanthauzo lake, pakuti anaonapo amayi ake akutsirizika. Anachita mantha, ndipo manthawo anasanduka mkwiyo. Anayang'ana Varvara wa pa nsalu, wobisala bwinobwino m'thanthwe lake, nkhope ili phee, nati chamumtima, iwe thanthwe linakutsegukira, nanga wangayu?

Ndi pomwe anamva kukanda pachitseko. Sikunali kugogoda. Kunali ngati wina akukhulitsa nsalu yolimba pa thabwa. Galu wa a Stamena, amene amauwa ngakhale mthunzi wake womwe, anali chete.

"Odi." Mawuwo anali a munthu wamkulu, ouma, otopa.

"Ndani usiku uno?"

"Wapaulendo, mayi. Ndikufunafuna mwana wanga."

M'mapiri muno munthu sasiyidwa panja chipale chofewa chikugwa, ngakhale akhale mbala. Vukosava anakoka mpiringidzo, natsegula pang'ono, kampata koti mphaka akanadutsa movutikira. Ankafuna angosuzumira kaye. Mlendoyo analowera pa kampata komweko.

Analowa chammbali, phewa lili patsogolo, ndipo atafika pakati pa nyumba anaimabe chammbali. Anali wamtali, wandevu, chofunda chofiira chili paphewa. Kunja chipale chinali kugwa, koma pa chofundacho panalibe ndi kadontho komwe. Sanali kununkha thukuta, hatchi kapena utsi. Anali kununkha phula lopaka ulusi.

"Sunthirani kumoto, bambo."

"Kumoto ayi," anatero msanga, nakhala pa benchi la kukhoma.

Vukosava anamuyang'ana. Diso limodzi. Mphuno yopindika. Pa tsaya panali kachipsera kakang'ono kopingasa, ndipo anakadziwa. Tsiku lina Divna anatsokomola mwamphamvu, dzanja la mayi ake linanjenjemera, ulusi umodzi unagona mopingasa pa tsaya la bambo wa pa nsalu. Anausiya choncho poganiza kuti munthu woipa safunika kumukongoletsa. Anacheukira ku chimango. Kachipserako kanali pomwepo.

Ananamizira kukatenga nkhuni kuti adutsire mbali inayo. Mlendoyo anasuntha, koma anachedwa pang'ono. Vukosava anaona. Mbali imeneyo kunalibe khutu, kunalibe tsaya. Kunali mfundo zokhazokha ndi nsonga za ulusi zili lendelende, monga kumakhalira kumbuyo kwa nsalu iliyonse. Zinali mfundo zimene Vukosava anamanga yekha. Nkhuni zinamugwa m'manja.

"Mwandidziwa, mayi."



"Manja anu ndi abwino," anapitiriza mlendoyo. "Ena amandipatsa mphuno ya nkhumba. Inu mwandipanga munthu. Koma nanunso mwachita zomwe onse amachita. Mwandipatsa diso limodzi n'kundilozetsa komwe kulibe mwana. Phiri limenelo ndaliyenda pa nsalu za m'matchalitchi onse, agogo a agogo anu asanabadwe. Ndimadziwa kuti ali pafupi. Ndimamumva akupuma. Koma kutembenuka sindingathe."

"Mukufuna mukamuphe," anatero Vukosava monong'ona.

"Ndikufuna ndimuone. Inu ndinu kholo. Mukanamamumva uyu akupuma kumbuyo kwanu, khosi n'kukana kutembenuka, bwenzi mukutani?"

Pa bedi Divna anakoka mpweya, nausunga. Vukosava anadikira. Anadikirabe. Mpweyawo unabwera patapita nthawi, wochepa, wolira ngati mluzu.

"Safika m'mawa ameneyu," anatero mlendoyo. Sananene mwankhanza, ananena ngati munthu wonena kuti kugwa mvula. "Amene munamuwindira ali m'thanthwe, sakumva kanthu. Ine ndili pano. Mundipatse diso linalo, moto uchoka m'thupi mwa mwana wanu nyali isanazime."

Amene sanakhalepo pambali pa mwana akutsirizika ndi amene amati iwo akanadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kumuthamangitsa. Asiyeni azinena, pakamwa sipalipira kanthu. Vukosava lamulo ankalidziwa bwino lomwe. Ankadziwanso kuti kukacha akhala yekhayekha m'nyumbamo. Ndipo tinene zoona, anamumveranso chisoni munthuyo, pakuti mawu ake anali a kholo lotopa.

Anakhala pa mpando, natenga kampeni, nayamba kudula ulusi wa nkhope ija. Ku benchi kunamveka kubuula, koma sanacheuke. Atachotsa wonse, anatola khala lozizira, najambula nkhope ina pa bafuta, yotembenuka, ya masaya awiri. Anayamba kudzaza ndi silika wa mtundu wa khungu. Zala zinali zozizira koma sizinalakwitse. Akakoka ulusi, kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la nsalu yong'ambika pang'onopang'ono. Anapeta nsidze. Anapeta chikope. Nyali inayamba kuphethira. Potsiriza analowetsa ulusi wakuda pa singano, nabaya pakati pa diso latsopanolo, namanga mfundo kumbuyo.

Anazindikira akudula ulusi ndi mano. Nkhope ya maso awiri siyang'ana zimene zili pa nsalu. Imayang'ana m'nyumba.

Anacheuka. Mlendoyo anali ataimirira, nkhope yonse ili poyera, ndipo benchi linalira pamene anachotsa thupi lake. Tsopano anali kununkha thukuta. Nsonga ya lupanga inaonekera kunsi kwa chofunda. Chimango sanachiyang'ane n'komwe. Maso onse awiri anadutsa pa phewa la Vukosava n'kukatera pa bedi.

"Ndi uyo," anatero motsitsa. "Mwana wanga."

"Ameneyo ndi wanga, bambo. Wanu ali umu." Analoza thanthwe la pa nsalu.

"Umo sindionamo, mayi. Ndikuona komwe mwandilozetsa."

Nyali inazima.

Vukosava anadziponya pa bedi, nakuta mwanayo ndi thupi lake, kudikira lupanga pamsana. Silinabwere. Chimene anamva ndi thupi la Divna lili lozizirira bwino, chifuwa chikukwera ndi kutsika mosavuta.

"Amayi, mukundilemera," anatero Divna. "Kulibe choti ndidye?"

Atakoleza moto anapeza mlendo uja mulibe m'nyumbamo. Anabweza mpiringidzo, nafunditsa msuzi wa a Stamena, namwetsa mwanayo mpaka kambiya kanauma. Analira ndi chimwemwe, ndipo kwa kanthawi anadzinyenga kuti zonse zija linali loto la munthu wosagona. Anagona atagwira mkono wa mwana wake, tulo tofa nato.

Anadzutsidwa ndi mphepo. Kunja kunali mbee, chitseko chili pululu, pa bedi palibe munthu.

Mapazi anayambira pakhomo pomwepo. Anali mapazi opanda nsapato, aang'ono, olunjika kuphiri. Kumbuyo kwake kunali ena a nsapato zazikulu, ozama, a munthu wolemera. Vukosava anathamanga osafunda kanthu. A Stamena, amene anatuluka kukatunga madzi, anamuona, nataya chidebe, namutsatira osafunsa.

Anamupeza pamwamba pa phiri, pamalo oyera opanda mtengo. Divna anali atagwada pa chipale ndi malaya ogonera okha, manja atapinda pachifuwa, mutu ataweramitsa. Tsitsi lonse analiponyera kutsogolo, khosi lili pamtunda. Kumbuyo kwake kunali mapazi awiri otangadza, monga amaimira munthu wowaza nkhuni. Mwini mapaziwo panalibe, ndipo panalibenso osonyeza kuti wachoka.

Vukosava anamugwira. Anali wamoyo, wofunda ngati watuluka kumene m'bulangeti.

"Divna, ukutani kuno?"

"Ndikudikira, amayi."

"Ukudikira yani?"

"Abambo akuti sangachite kanthu inu musanafike pamenepo pa nsalu."

A Stamena anadzilemba chizindikiro cha mtanda, navula shawelo yawo, namufunditsa mtsikanayo. Anatsika naye atamugwira uku ndi uku, ndipo iye sanakane.

Masana omwewo Vukosava anamasula nsalu pa chimango, nakwera nayo kwa Amayi Teodosija, nawauza zonse osabisa. Nkhalambayo inafunyulula nsalu pa tebulo. Itaona nkhope ija, inaiphimba msanga ndi mkono wa mkanjo wake.

"Mwana wanga, wachita chiyani?"

"Ndimasula, Amayi. Ndinkangofuna mundiuze pemphero lake."

"Sindidziwa pemphero la zimenezi. Kumasula ungayese, koma ukhale pafupi ndi mwanayo."

Kenako Amayi Teodosija anafunyulula zigawo zimene Vukosava ankazibisa. Chotsatira chinali chomwe anachiona m'mawa: pamwamba pa phiri, mtsikana wagwada, tsitsi lili kutsogolo, bambo ake atukula lupanga. Chomaliza chinali cha bamboyo akutsika phiri atamaliza ntchito yake, mphezi n'kumugwera, n'kupsa osatsala ndi fupa lomwe.

Vukosava anaika chala pa chomalizacho. "Ndiyambira apa. Apse kaye."

"Mbiri imapetedwa mmene inachitikira," anatero Amayi Teodosija. "Mphezi inamukantha chifukwa cha zimene anachita paphiri. Asanachite, imukanthira chiyani?"

"Ndiye ndiiotcha nsaluyi."

"Uotcha ndi chowinda chako chomwe, ndi Varvara ali momwemo. Ine sindikuletsa. Koma sindingakuuze kuti mwanayo atsala."

Vukosava anayesa zonse. Anazula ulusi umodzi wa m'diso lija, ndipo asanautaye pansi Divna anagwa pakhomo, thupi lili moto, milomo itachita bii. Anaubwezera pomwepo, mwanayo nadzuka. Masisitere anamupatsa ulusi wa golide wa pa zovala za ansembe, napeta nawo mphezi yaikulu pa chigawo chomaliza. M'mawa anapeza golideyo ali pansi, wosomoka yekha, bafuta ali mbee. Anayandikiza ngodya ya nsalu kumoto, koma Divna anakuwa atagwira mkono wake, ndipo pa mkonopo panatuluka chithuza. Usiku anamanga dzanja la mwanayo ku lake ndi chingwe kuti asapitenso kuphiri. Anagoneka amuna a a Stamena pakhomo ndi nkhwangwa. Ansembe anawaza madzi odalitsidwa mpaka makoma ananyowa. Kukacha, chingwe chili chomasuka, amuna aja akuliza mkonono, Divna ali paphiri.

Anasiya kuyesa. Anabweza nsalu pa chimango, nailozetsa kukhoma, singano naibaya pa mtsamiro. Anaganiza kuti bola iye asapete, lupanga silitsika. Mbandakucha uliwonse ankakwera phiri ndi bulangeti kukatenga mwana wake. Chisanu chinatha, mitengo inaphuka, mphesa zinapsa, chisanu china chinabwera. Ngakhale nthawi yopanda chipale udzu unkakhala wopondedwa pamalo awiri kumbuyo kwa mtsikanayo.

Masana Divna ankadya, ankapota ubweya, ankayankha akafunsidwa. Koma khosi linayamba kukhala chowerama, ndipo maondo anachita zikang'a ngati a ngamila. Palibe mnyamata anabwera kudzafunsira mbeta. Anzake anakwatiwa, nabereka, ndipo akamadutsa pa nyumbayo ankatembenuzira ana awo kwina.

M'mudzi ena amati matenda aja anamudya mutu mtsikanayo, mapaziwo ndi a mbusa woledzera. Amene amatero sanakwerepo phirilo m'mawa. Ena amati Vukosava anadziputira yekha, ndipo amanena atakhuta, ana awo ali gwa. Akazi opeta sanenapo kanthu. Amangoti akafika pa nkhope ya munthu woipa amaitana mnzawo adzakhale pambali mpaka amalize.

Zaka zinamugwira Vukosava m'miyendo. Anayamba kukwera ndi ndodo, kenako kupumira m'njira, ndipo dzuwa linkatuluka asanafike. Masiku ena ankatsika atatsamira pa mwana yemwe anapita kukamutenga. A Stamena, amene tsopano salankhula kwambiri, ankawabweretserabe msuzi madzulo, ndipo zomalizazi anaziona okha ataima pakhomo.

Chimango chinali chitatembenuzidwa, chigawo cha paphiri chitakungidwa bwinobwino. Divna ndiye anachikunga. Anali atakhala pansi pafupi ndi mpando, akunyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, pakuti maso a mayi ake sankaonanso bowo la singano. Ataulowetsa, anapereka singanoyo ndi manja awiri.

"Amayi, malizani."

"Iwe, ukudziwa chimene ukupempha?"

"Ndikudziwa. Ndatopa kugwada, amayi. Ndipo tsiku lina inu simudzafika pamwamba paja. Ndidzangokhala ndi abambo aja."

Vukosava sanakalipe, sanalire. Anayang'ana mwana wake nthawi yaitali, kenako analandira singanoyo. A Stamena anatula kambiya pansi, nabwerera kwawo chamsanamsana, osatsazika.

Kuyambira pamenepo nyali ya m'nyumba imeneyo imayaka madzulo onse. Amene amalimba mtima kudutsa pafupi amati mumamveka ulusi ukukokedwa kamodzi, kenako zii nthawi yaitali. M'mawa awiriwo amatsikabe phiri limodzi. Tikakumana nawo timawapatsa moni, n'kuwafunsa za nkhuni ndi za mwendo. Palibe amene anafunsapo Vukosava kuti wafika pati pa nsalu ija.